Kodi mumadziwa kuti nyali yoyera ya LED ndi ya buluu?

Kuwala koyera kwa nyali ya sola kapena tochi yomwe munagula pamsika wa Santhe kumayamba kuli kwa buluu.

Taizimitsani n'kuyang'anitsitsa pakati pake, muona kadontho kachikasu. Amenewo ndi mankhwala a phosphor opakidwa pa kachipangizo kotulutsa kuwala kwa buluu. Mankhwalawa amasandutsa kuwala kwina kukhala kwachikasu, ndipo mitundu iwiriyi ikasakanikirana diso limaona koyera.

Koma anthu oweta makorali, tamoyo ta m'nyanja zamchere tomanga matanthwe, amasankhira dala matanki awo agalasi nyali za ma LED ambiri abuluu osapakidwa kanthu. Ndere zokhala m'thupi la korali zimapanga bwino chakudya ndi kuwala kwa buluu, komwenso kumafika pansi kwambiri m'madzi.

Oweta makoraliwa akaika nyali yatsopano amayamba aichepetsa mphamvu, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Kuwala kukachuluka mwadzidzidzi, korali amataya nderezo n'kuyera mbuu.

Amene anatulukira LED ya buluu yowala kwambiri, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014.