NJANJI YA DZIKO LA ZAMBIA

Tikayang'ana pa mapu a dziko lathu, tiona kuti mizinda yambiri iri pa mzere umodzi monga mikanda pa cingwe. Kuyambira kumwera tipeza Livingstone, Kalomo, Choma, Monze, Mazabuka, Kafue, Lusaka, Kabwe, Kapiri Mposhi, Ndola ndi Kitwe. Mzere umenewu sunacitike wokha ai. Cingwe cimene cinatunga mikandayo ndico njanji. Lero njanji imeneyi iri m'manja mwa kampani ya Boma yochedwa Zambia Railways, ndipo maofesi ace akuru ali ku Kabwe.

Njanjiyi inacokera kumwera. Mzungu wina wolemera, dzina lace Cecil Rhodes, anafuna kuti pakhale njanji yocokera ku Cape Town kufikira ku Cairo. Amisiri anaimanga kucokera ku Bulawayo, napyola ku migodi ya malasha ya ku Wankie, kumene tsopano kuchedwa Hwange, ndipo m'caka ca 1904 anafika pa mtsinje wa Zambezi, pafupi ndi mathithi a Victoria Falls. Pamenepo nchito inakula, pakuti kunsi kwa mathithiwo madzi ayenda m'cigwa cakuya coopsa, ca matanthwe okhaokha.

Zitsulo za ulalo anazisula ku Darlington m'dziko la England. Zinadza pa nyanja kufikira ku Beira, ndipo kucokera kumeneko zinakwera sitima ya pamtunda. Amisiri anayamba ndi kumanga cingwe ca citsulo codutsa pamwamba pa cigwaco, ndipo pa cingweco anaolotsa zitsulo, anthu, ngakhale injini yaing'ono imene anaiphwasula zidutswa-zidutswa. Anamanga ulalowo kucokera ku matsidya onse awiri, mbali ziwirizo nizikomana pakati m'mwezi wa April 1905. Utali wace ndi mamita 198, ndipo uli mamita 128 pamwamba pa madzi. Rhodes ndiye anafuna kuti ulalo ukhale pafupi ndi mathithi, kuti nthunzi ya madzi idzigwera pa mabogi, koma iye mwini sanauone, popeza anamwalira m'caka ca 1902.

Tikamawerenga maina a Azungu amene anatsogolera nchitoyi, tisaiwale anthu akuda ambirimbiri amene analambula thengo, nakumba dothi ndi mapiki ndi mafosholo, nasenza zitsulo pa mapewa ao. Maina ao sanalembedwe pa mwala uliwonse, koma njanji inayenda ndi thukuta lao. M'caka ca 1906 anatha ulalo wina wautali pa mtsinje wa Kafue, ndipo caka comweco sitima inafika ku Broken Hill, ndiko ku Kabwe, kumene kunali mgodi wa mtobvu. M'caka ca 1909 njanji inapyola Ndola nifika ku malire a dziko la Congo. Pafupi ndi caka ca 1930, migodi yaikuru ya mkuwa itatseguka, anamanga nthambi zopita ku Luanshya, Kitwe, Mufulira ndi Chingola.

Nanga mizinda ija inabadwa bwanji? Njanji yathu ndi ya mzere umodzi, kotero kuti masitima awiri sangathe kupambana pamalo paliponse. Cifukwa cace amisiri anakonza malo opatukirapo, ochedwa saidini, atayenda mamailosi ngati 20, kuti sitima imodzi iime pambali kudikira inzace. Injini za masiku amenewo zinali za malasha, ndipo zinafuna kumwa madzi kawirikawiri. Pa malo otere panadza wamalonda namanga sitolo, alimi nayamba kubwera ndi cimanga ndi ng'ombe. Lusaka anayamba motero m'caka ca 1905, saidini cabe, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Patapita zaka 30, m'caka ca 1935, Boma linasamukira komweko kucokera ku Livingstone.

Mwina mudzafunsa kuti, "Kodi injini imodzi itha bwanji kukoka mabogi ambiri otere?" Yankho liri pa magudumu. Ngolo ya ng'ombe ikalowa mumcenga, magudumu ace amira ndipo ng'ombe zitopa msanga. Koma gudumu la citsulo likamayenda pa njanji ya citsulo silimira konse, lingogubuduzika mosabvuta. Cotero mphamvu yocepa ikoka katundu wolemera. Bogi limodzi la katundu linyamula matani ngati 40, kuposa lole yaikuru ya pamseu. Kunsi kwa njanji kuli mitanda imene anchito amaicha masilipa, ina ya mitengo, ina ya citsulo, ina ya simenti, ndipo kunsi kwa mitandayo kuli miyala yoswa imene icititsa kuti madzi a mvula asakhazikike. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo ndi mita imodzi ndi mamilimita 67. Mpata womwewo uli ku Zimbabwe, ku South Africa, ku Congo ndi ku Malawi, kotero bogi la kwathu litha kuyenda pa njanji za maiko amenewa.

Kutsetsereka komweku ndiko kucititsa sitima kukhala yoopsa. Woyendetsa angakhale akuoneni patali, sangathe kuimitsa sitima pomwepo, ndiponso sangakhote kukulambalalani monga acitira wa galimoto. Ana inu amene mudyetsa ng'ombe pafupi ndi njanji, musakhale pa zitsulozo, kapena kusanjikapo miyala, kapena kukwawira kunsi kwa mabogi oima pa siteshoni.

Zaka zambiri njanji yathu inali gawo la kampani yochedwa Rhodesia Railways, imene akuru ace anali ku Bulawayo. Masitima ace anali kubwera ndi malasha a ku Wankie kudzasungunulira mkuwa, nabwerera ndi mkuwawo kunka ku madoko a Beira ndi Lourenço Marques. Masiku amenewo panali tsankho. Azungu anakwera m'mabogi a mipando yofewa ndi makama, koma anthu akuda ambiri anadzazana m'kalasi yacinai, pa mabenci a matabwa. Nchito ya kuyendetsa injini inali ya Azungu okha. Anchito akuda anapanga bungwe lao, lotsogozedwa ndi a Dixon Konkola, kuti amenyere malipiro abwino ndi nchito zapamwamba.

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Caka cotsatira, pa 11 November 1965, Azungu a ku Southern Rhodesia anadzilamulira okha mosabvomerezeka, ndipo ubale wa maiko awiriwa unaipa. Kampani imodzi sikanatha kutumikira maboma awiri odana, cotero m'caka ca 1967 anaigawa, ndipo gawo la kumpoto kwa Zambezi linachedwa Zambia Railways. Ciyambi cace cinali cobvuta ndithu. Azungu ambiri odziwa nchito anacoka, ndipo eni dziko amene kale anakanizidwa kuphunzira nchitozo anayenera kuziphunzira mofulumira. Boma linagula injini za dizilo kuti lisadalire malasha a ku Wankie, ndiponso linamanga nthambi yocokera ku Choma kukatenga malasha a ku Maamba.

Taganizani tsono za bvuto la dziko lopanda nyanja yamcere. Cuma cathu cacikuru ndi mkuwa, koma mkuwa wokhala pa mgodi sugula mankhwala kapena mabuku. Uyenera kufika ku doko. M'mwezi wa January 1973 malire a pa Victoria Falls anatsekedwa, ndipo katundu wa Zambia sanapitenso njira ya kumwera kufikira m'caka ca 1978. Malirewo asanatsekedwe, a Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere a ku Tanzania anali atalimbikira kale za njanji ina yopita kum'mawa. Dziko la China linabwereketsa ndarama ndi amisiri, ndipo kuyambira 1970 kufikira 1975 anamanga njanji ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufikira ku Kapiri Mposhi. Imeneyi ndiyo TAZARA. Musaisokoneze ndi Zambia Railways: eni ace a TAZARA ndi maboma awiri, la Zambia ndi la Tanzania.

Pambuyo pace mtengo wa mkuwa unatsika, ndarama zokonzera njanji zinasowa, masilipa anabvunda, ndipo anthu ena osaganiza anaba zitsulo zomangira. Masitima anayamba kuyenda pang'onopang'ono kuopa kugwa, eni katundu nathawira ku malole. M'caka ca 2003 Boma linabwereketsa njanji kwa kampani yochedwa Railway Systems of Zambia, koma m'caka ca 2012 linailandanso. M'caka ca 2018 linaika lamulo lakuti magawo 30 pa 100 a katundu wolemera, monga mkuwa, malasha, shuga ndi simenti, adziyenda pa njanji. Lamulo limeneli liri ndi nzeru, pakuti malole olemera ndiwo akumba maenje m'miseu yathu; koma mwini katundu adzakonda sitima pokhapo ikamafika pa nthawi yace.

Sitima ya anthu iyenda pakati pa Livingstone ndi Kitwe, mtunda wa makilomita ngati 850. Siyenda tsiku ndi tsiku, ndipo basi iipambana liwiro kutalitali. Komabe tikiti yace ndi yochipa, munthu atha kunyamula matumba ambiri, ndipo iima pa timasiteshoni ta kumidzi kumene basi sifika. Palinso nthambi yocokera ku Livingstone kunka ku Mulobezi, imene inamangidwa ndi kampani yoceka matabwa a mukusi. Wofuna kuona injini zakale za malasha apite ku nyumba yosungiramo zinthu za njanji ku Livingstone.

Anthu a cigawo ca Kum'mawa anakhala zaka zambiri osaona sitima kwao. Wopita ku migodi anayamba wakwera lole kapena basi pa mseu wa Great East Road, naoloka Luangwa, nakapeza sitima ku Lusaka. M'caka ca 2010 anatsegula njanji yaifupi yocokera ku Mchinji m'dziko la Malawi kufikira ku Chipata, ndipo njira imeneyi ipita ku doko la Nacala ku Mozambique. Koma njanji ya ku Chipata sinalumikizidwe ndi mzere waukuru uja, kotero kuti wa ku Katete kapena ku Petauke wofuna kunka ku Kabwe akwerabe basi.