Zombo za Nkhondo Zimene Zinadalira Mtengo

Injini zisanabwere, nkhondo za pa nyanja zinali kumenyedwa ndi zombo za matabwa zoyenda ndi mphepo. Mtundu wina wa zombozi unali kuchedwa frigate: combo caliwiro, ca milongoti itatu ya matanga, cokhala ndi mizinga m'mbali.

Mu 1794 dziko la America linalibe combo ca nkhondo ngakhale cimodzi, pamene acifwamba a ku Algiers anali kulanda zombo zake za malonda. Tsono nyumba ya malamulo inavomereza kupanga ma frigate 6. Popeza boma linalibe ndalama zopangira zombo zoculuka monga za Britain, mmisiri Joshua Humphreys wa ku Philadelphia anaganiza zopanga zocepa koma zazitali ndi zolimba, zotha kugonjetsa frigate inzake ndi kuthawa combo cacikulu koposa. Zitatu mwa izo, United States, President ndi Constitution, zinakonzedwa kunyamula mizinga 44.

Combo cacitali ca matabwa cili ndi vuto lake: kutsogolo ndi kumbuyo kumalendewera, msana nkupindika. Pofuna kuletsa zimenezi, amisiri anaika mitanda yopingasa m'kati. Nthiti za combo anaziika mothithikana, zosemedwa ku mtengo wa live oak, wolemera ndi wosawola msanga. Mitengoyi inadulidwa m'madambo a ku Georgia. Anchito ocokera kumpoto kwa dzikolo anadwala malungo, ndipo nchito yambiri yowawayo anaigwira akapolo acikuda. Tisawaiwale.

Constitution inalowa m'madzi ku Boston mu 1797. Pa 19 Ogasiti 1812 inagonjetsa Guerriere ya Britain. Zipolopolo zina za mizinga zinangogunda m'mbali mwake nkugwera m'madzi, motero anaipatsa dzina lakuti Old Ironsides, ngati kuti nthiti zake nzacitsulo. Mu 1813 akulu a nkhondo a Britain analetsa frigate yao kulimbana yokha ndi zombo zazikuluzi.

Boma linaona kuti mitengo yotere ingathe, ndipo mu 1828 linapatula malo ku Florida osungirako live oak. Lero Constitution ikali kuyandama ku Boston, ndipo matabwa oikonzera amacokera ku nkhalango yosungidwa ku Indiana. Inu alimi mudziwa bwino: mmisiri angakhale wanzeru motani, amasema mtengo umene ena anauleka kuti ukule.