Woweruza wa ku Scotland ndi Mlandu wa ku Migodi ya Mkuwa

Abale athu a ku migodi ya Que Que, Selukwe ndi Shabani, imene lero ichedwa Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane, pamodzi ndi inu a m'mapulazi, tikuuzeni mbiri ya Sir Alison Russell, pakuti nchito yace inakhudza anthu okumba pansi monga inu.

Bwana ameneyu anali wa mtundu wa ku Scotland, anabadwa caka ca 1875, naphunzira malamulo. Anatumikira Boma la Angelezi ku Uganda ndi pa cisumbu ca Cyprus, ndipo mu 1924 anakhala mkulu wa oweruza onse ku Tanganyika kufikira 1929. Atapuma pa mpando umenewo, Boma silinamleke, koma linali kumtuma kumene kwabuka cipolowe kuti akafunse ciyambi cace.

Tsono m'mwezi wa May 1935 anchito a ku migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia, ndiyo Zambia, anakana nchito, poyamba ku Mufulira, pambuyo pace ku Nkana, ndi potsiriza ku Roan Antelope, pa mudzi wa Luanshya. Cimene cinayatsa moto ndico msonkho, umene Boma linakweza kwa okhala kumigodi kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s., ndipo mau ace anafika m'makomboni modzidzimutsa. Pa 29 May apolisi anaomba mfuti pa khamu la anthu ku Roan Antelope, nafa amuna 6.

Pamenepo Bwana Russell anaikidwa mkulu wa bungwe lofunsa mlanduwo. Anamva mboni za Azungu ndi za anthu akuda, ndipo kalata yace inaturuka caka comweco. M'menemo anabvomera kuti kalengezedwe ka msonkho kanali koipa. Komanso anaika cifukwa pa mabuku a Watch Tower, kuti ndiwo anasokoneza mitima ya anthu. Za kucepa kwa malipiro ndi kuipa kwa phoso, zimene anchito anadandaula nazo, sanaziyese muzu weniweni wa nkhaniyo.

Akuluakulu amati mlandu suola. Sizinapite zaka zambiri, mu 1940 anchito anakananso nchito, ndipo ku Nkana anafa anthu 17 ndi zipolopolo za asilikari. Cimene cinasiyidwa pa bwalo loyamba cinabweranso ndi mwazi wocuruka.

Bwana Russell anapitirira ndi maulendo ace. Mu 1938 anali mmodzi wa anai amene anatumidwa kukaona za kugawa dziko la Palestine, ndipo mu 1942 anafunsa za cipolowe ca ku zisumbu za Bahamas, kumene anchito omanga bwalo la ndege anauka cifukwa ca malipiro. Anamwalira mu 1948.

Ife sitinena kuti anali munthu wacinyengo, iai. Anali wodziwa malamulo, wogwira nchito yace monga anaionera. Koma woweruza, ngakhale akhale wanzeru cotani, amva bwino mbali imene iri ndi wonenera wace. Mu 1935 eni migodi ndi Boma anali nao owanenera, pamene anchito anafika pabwalo yense payekha, wopanda bungwe lakusonkhanitsa madandaulo ao.

Mu 1947 kunadza munthu wina wa ku Scotland komweko, dzina lace William Comrie, wotumidwa kukathandiza anthu akuda kukhazika mabungwe a anchito, ndipo mu 1949 bungwe la okumba mkuwa linaimirira, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu. Kuyambira pomwepo za malipiro zinayamba kukambidwa pa gome, eni migodi kuno, onenera anchito uko.

Cifukwa cace, abale, mutu umodzi susenza denga. Mukakhala ndi cokubvutani pa nchito, cisungeni bwino ndi masiku ace, sankhani okunenerani, ndipo mufike pabwalo ndi mau amodzi.