Mmene mtengo wa ulendo wa thiraki wa ku Walvis Bay umawerengedwera

Ena mwa mathiraki amene amagona m'mayadi a m'mbali mwa misewu ya Lumumba ndi Mungwi, kufupi ndi Chunga ndi Matero, amanyamula katundu kupita ku doko la Walvis Bay ku Namibia, ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000 umene umathera m'chipululu cha Namib. Ambiri amayesa kuti chipululucho ndicho chimakweza mtengo, komatu msewu wa pakati pa Usakos ndi Swakopmund ndi watara, ndipo ngakhale nkhungu yochokera kunyanja imauphimba m'mawa, suchedwetsa galimoto kwenikweni.

Wokonza ulendo, amene ntchito yake ndi kusankha njira ndi kuika mtengo thiraki isananyamuke, amagawa ndalama m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ndalama zoyendera, zimene zimakula molingana ndi mtunda: dizilo, matayala, zolipira pa zipata za msewu monga cha Shimabala, ndi zimene bungwe la Road Fund Administration limalipiritsa magalimoto akunja olowa m'Namibia. Gulu lachiwiri ndi la ndalama zokhazikika, monga ngongole yogulira thirakiyo, inshulansi ndi malipiro a dalaivala, zimene zimatuluka ndithu ngakhale galimoto itaima, ndipo n'chifukwa chake katswiri amawerenga masiku asanawerenge makilomita. Mlatho wa pa Zambezi wolumikiza Sesheke ndi Katima Mulilo, umene unatsegulidwa mu 2004, unathetsa kudikira pantoni, koma pepala limodzi la kasitomu likalakwika thiraki imagona pachipata, ndipo maenje amene akhala akuvutitsa madalaivala pakati pa Kazungula ndi Sesheke amadya nthawi ndi masipuling'i omwe. Kutsogoloko msewu umadutsa m'nkhalango ya Bwabwata, mmene njovu zimaoloka, moti dalaivala wanzeru sayendamo usiku.

Ndalama zonsezi zimagawidwa pa matani amene anyamulidwa. Popeza malamulo salola thiraki pamodzi ndi katundu wake kupitirira matani 56, katundu weniweni amangoposa pang'ono matani 30, ndipo wopakira mopyola muyeso amakataya phindu lake pa sikelo ya ku Kafue kapena ya ku Livingstone.

Chimene chimagwetsa eni mathiraki atsopano ndi katundu wobwerera. Mkuwa umapita kudoko pa thiraki yosatseka, pamene nsomba za ku Walvis Bay zimafuna thiraki ya firiji, choncho wonyamula mkuwa ayenera kupezeratu mchere kapena salifa wa kumigodi. Akalephera, ulendo wopitawo umayenera kulipira dizilo wa mbali zonse ziwiri. Komanso, popeza bungwe la Energy Regulation Board limaunikanso mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi ndipo kwacha imasinthasintha mphamvu poyerekeza ndi dola, mgwirizano wolembedwa bwino umanena tsiku limene mtengo udzathere ntchito, ndiponso ndalama zimene mwini katundu adzalipire pa tsiku lililonse limene thiraki yachedwetsedwa ndi mapepala ake.