Kodi Ndinu Visitor, Guest Kapena Customer?

Abale anga a m'migodi, kwathu tili ndi liu limodzi lokha, ndilo "mlendo". Wodzacheza ndi mlendo, woitanidwa ku ukwati ndi mlendo, ngakhale wosochera amene sitimdziwa ndi mlendonso. Onsewa timawapatsa mpando. Koma Chingerezi chimawagawa anthu amenewa, ndipo liu lirilonse limanena chimene munthu aloledwa kuchita, ndiponso ngati alipira kapena ai. Chifukwa chake tiyeni tiwadziwe mau awa, pakuti timawaona masiku onse pa zikwangwani za pa geti, m'sitolo ndi m'chipatala.

Loyamba ndi visitor. Gwero lake ndi liu la Chilatini lonena kupita kukaona. Visitor ndi munthu wofika kudzaona munthu kapena malo, nabwerera. Paja akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mbale wanu wochokera ku mgodi wina akadza kudzakuonani Lamulungu, iyeyo ndi visitor. Chikwangwani chakuti "Visitors must report to the office" chikunena kuti ayambe waonekera ku ofesi ndi kulembetsa dzina lake. Ku chipatala "visiting hours" ndizo nthawi zololedwa kuzonda odwala. Koma pamene liu ili lalemera koposa ndi m'pasipoti. Mwa lamulo la South Africa la chaka cha 2002, munthu wolowa m'dzikolo ngati visitor saloledwa kugwira nchito popanda chilolezo chapadera. Muwauze achimwene anu a kumudzi asanagulitse mbuzi zao kuti apeze ndalama za ulendo.

Lachiwiri ndi guest. Uyu ndi mlendo wochita kuitanidwa, ndipo womlandira amachedwa host. Chakudya ndi pogona zili pa mutu wa host. Guest aliyense ndi visitor, koma si visitor aliyense amene ali guest. Chenjerani pano: ku hotela ndi ku guest house amakuchulani guest mwa ulemu chabe, koma mamawa mudzalipira ndithu. Palinso mau akuti guest worker. Dziko la West Germany linapangana ndi Italy mu 1955, ndi Turkey mu 1961, kuti anthu adze kudzagwira nchito. Anawacha dzina limeneli poyembekeza kuti tsiku lina adzabwerera kwao, ngakhale ambiri anakhazikika komweko. Ife oyenda nchito kutali tikumva bwino chimene dzinali litanthauza.

Lachitatu ndi stranger, ndilo limene lakhumudwitsa ambiri. Stranger ndi munthu wosadziwika konse. Posonyeza mlamu wanu kwa mlonda musanene kuti "He is my stranger", chifukwa mlondayo adzamva kuti inu nomwe simumdziwa munthuyo. Nenani kuti "He is my visitor".

Lachinai ndi customer, limene ife timati kasitomala. Linachokera ku liu lakuti custom, ndiko kuti chizolowezi, pakuti kale linali kunena munthu wozolowera kugula pa malo amodzi. Lero aliyense wogula ndi customer, angakhale wagula sopo mmodzi yekha. Apa ndi pamene ambiri a ife timataya ndalama, chifukwa timalowa m'sitolo ndi manyazi a mlendo. Mlendo sadandaula ndiwo zikachepa mchere, koma customer walipira ndi thukuta lake la pansi pa mgodi. Ali ndi ufulu wofunsa mtengo, wowerenga chenji pamaso pa wogulitsa, wofuna lisiti, ndiponso woturuka osagula kanthu. Ku South Africa lamulo la 2008 loteteza ogula limalola kubweza katundu amene wapezeka ndi chirema isanathe miyezi 6. Tsono lisiti la wailesi kapena la njinga mulisunge monga musunga pasipoti.

Lachisanu ndi client. Kale ku Roma linali dzina la munthu wamba wokhala pansi pa chitetezo cha munthu wamkulu. Lero client ndi munthu amene alipira wina chifukwa cha nzeru kapena thandizo lake, monga kwa loya. Customer amanyamula katundu, client amalandira uphungu. Mukapita kwa loya pa nkhani ya chipukuta misozi cha ngozi kapena cha matenda a fumbi la m'mgodi, inu ndinu client. Loyayo ayenera kusunga chinsinsi chanu ndi kumvera zofuna zanu. Mfunseni za malipiro ake musanasaine kapena kudinda chala pa pepala lirilonse.

Chotero mukaona limodzi la mau awa, dzifunseni mafunso awiri: kodi alipira ndani, nanga ine ndiloledwa kuchita chiani pano? Ngati pepala kapena chikwangwani chikukubvutani, bwerani nacho kwa ife makalaliki ku ofesi, kapena funsani mnzanu wodziwa kuwerenga. Palibe manyazi pa chimenechi. Safunsa anadya phula.