UTSI WA PA UVUNI WA MALASHA UNGASANDUKE MAFUTA A GALIMOTO

ALIYENSE amene anayendapo pa mseu wa Great East kucokera ku Lusaka kupita ku Chipata adziwa bwino za masaka a malasha amene amandandalikidwa m'mbali mwa mseu. Mukaponya maso ku mapiri muona utsi woyera ulikufuka pa mauvuni a dothi. Ife tinakula tikuganiza kuti utsi umenewo ndi wacabe. Akatswiri a sayansi akuti muli cuma cimene timangotaya mu mphepo.

Munthu akaika mitengo yolemera makilogramu 100 mu uvuni wa dothi, malasha amene amatolamo kawirikawiri safika makilogramu 25. Zina zonse zimatuluka ngati nthunzi, phula ndi mpweya woyaka. Kalekale ku Ulaya ndi ku America anali kugwira utsi wa nkhuni ndi kuuziziritsa kuti apezemo methanol, ndiye cifukwa cace ena amauchula kuti mowa wa nkhuni.

Mmene mpweya umenewu umapangidwira

Nkhuni, utuci kapena zitsononkho za cimanga zikatenthedwa kwambiri, kupitirira madigiri 700, m'ng'anjo yotseka imene mulowa mphepo yocepa cabe, sizipsa mpaka kutha. Zimasweka ndi kutulutsa mpweya wa mitundu iwiri, carbon monoxide ndi hydrogen. Msanganizo umenewu ndiwo umachedwa syngas. Carbon monoxide tonse timudziwa ngakhale sitimuona: ndi uja amapha banja lonse likagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June.

Mpweyawo ukatsukidwa kucotsa phula ndi fumbi, amaupanikiza mwamphamvu ndi kuupititsa pa mankhwala a kopa ndi zinc otentha pafupifupi madigiri 250. Pamenepo gawo limodzi la carbon monoxide limagwirana ndi magawo awiri a hydrogen, ndipo cotulukapo ndi methanol. Kampani ya BASF ya ku Germany inayamba kupanga methanol kucokera ku mpweya wotere mu 1923. Lero methanol ndiyo imapangira formaldehyde wa m'guluu womatira mapulaiwudi, acetic acid, utoto ndi mapulasitiki, ndiponso zombo zina za pa nyanja zayamba kuyendera yomweyo.

Njira ina ndi ya tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mpweyawu ndi kutulutsa ethanol, mowa uja umasanganizidwa ndi petulo. Kampani ya LanzaTech inatsegula fakitale yoyamba yaikulu ya mtundu umenewu mu 2018 pa fakitale ya zitsulo ya Shougang ku China, kumene amagwiritsa nchito utsi umene kale unali kungotayidwa.

Si nkhani yacilendo kuno kwathu

Anthu a ku Kafue akumbukira kuti fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970, inali kutentha malasha a mu mgodi wa Maamba kuti ipeze mpweya womwewu. Hydrogen wace ndiye anali kupangira ammonia, maziko a fataleza ndi zophulitsira miyala m'migodi ya ku Copperbelt. Mbali imeneyo ya fakitale inaima zaka zambiri zapitazo, koma inaonetsa kuti ana a Zambia angathe kuyendetsa makina otere.

Ku South Africa kampani ya Sasol inayamba mu 1955 kusandutsa malasha a m'migodi kukhala petulo ndi dizilo, potsata njira imene Franz Fischer ndi Hans Tropsch anatulukira ku Germany ca m'ma 1920. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, petulo atasowa, magalimoto oposa 70,000 ku Sweden anali kuyendera mpweya wa nkhuni ndi malasha wocokera mu mgolo womangiriridwa ku galimoto.

Ife tilibe citsime ca mafuta ngakhale cimodzi. Paipi ya TAZAMA, ya mtunda wa makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatsegulidwa mu 1968, ndipo kuyambira 2023 imanyamula dizilo woyengedwa kale. Dontho lirilonse timagula ndi madola. Kwacha ikagwa, mtengo wa basi, wa cigayo ndi wa unga umakwera. Anansi athu a ku Malawi akhala akupanga ethanol ku Dwangwa kuyambira 1982 kucokera ku zotsala za shuga. Yawo ndi njira yowiritsa monga mowa, koma colinga ndi cimodzi, kucepetsa mafuta ogula kunja.

Cikomekome ca nkuyu

Tisathamange. Mpweya wocokera ku zomera uli ndi phula lambiri limene limatseka mapaipi ndi kuononga mankhwala aja a kopa, ndipo kuutsuka kumadya ndalama. Ku America kampani ya Range Fuels inamanga fakitale mu boma la Georgia yoti izisandutsa mitengo kukhala ethanol, koma inatseka mu 2011 italandira ndalama zambiri za boma. Ku Edmonton m'dziko la Canada fakitale ya Enerkem, imene inali kupanga methanol ndi ethanol kucokera ku zinyalala za mu mzinda, inatsekedwa mu 2024. Ngati eni cuma anakhumudwa, ife tiyenera kupenda kawiri.

Tikumbukiranso zimene zinatigwera m'zaka za m'ma 2000 ndi mbeu ya jatropha. Anthu a kampani ina anafika pa chalichi cathu Misa itatha, natipempha kuti tilengeze msonkhano. Tinalengeza ndi mtima woyera. Akhristu anasaina mapepala a Cingerezi amene sanawawerenge, nabzala mitengoyo m'minda ya cimanga ndi nshawa. Mbeu zitakhwima, wogula sanabwere. Mpaka lero mai wina wamasiye akationa amatifunsa kuti, “Aphunzitsi, nanga anthu anu aja anapita kuti?” Timasowa coyankha.

Zofunika kuziika poyera

Coyamba, fakitale yotere ikadzabwera idzidya zotsala, osati cakudya kapena nkhalango. Utuci wa pa macheka a ku Copperbelt, zitsononkho, makoko a nshawa ndi mitengo ya thonje imene timaocha pambuyo pokolola ndi zokwanira kuyambira. Tinaona mu 2024, cilala citaumitsa minda ndi kutsitsa madzi ku Kariba, mmene malaiti anali kuzimira maola oposa 20 pa tsiku ndi mmene mitengo inathera kukhala malasha. Fakitale yogula mitengo yaiwisi ingamalize imene yatsala. Mapesinso tisagulitse onse, cifukwa ndiwo cakudya ca ng'ombe m'cilimwe ndi manyowa a munda.

Caciwiri, mlimi asasaine pepala limene silinamasuliridwe m'Cinyanja pamaso pa mfumu ndi alangizi a zaulimi. Mtengo, tsiku logula ndi cilango ca kampani ikalephera zilembedwe.

Cacitatu cimatikhudza ife amene timaika maliro. Methanol imaoneka ndi kununkha ngati kacasu, koma masipuni ocepa cabe amacititsa khungu, ndipo kapu yaing'ono ingaphe munthu. Dziko likayamba kupanga mankhwala amenewa, lamulo likakamize kuthiramo utoto ndi zowawa kuti asafike m'mashabini a m'makomboni.

Papa Francis m'kalata yace ya Laudato Si' ya 2015 anatikumbutsa kuti dziko ndi nyumba ya tonse. Tipempha aphungu athu, mafumu ndi ophunzira a pa University of Zambia ndi Copperbelt University kuti ayambe ndi ng'anjo zing'onozing'ono zoyendetsera zigayo m'midzi, pamene woocha malasha angaone ndi maso ace kuti zitsononkho zipera cimanga. Zikatheka pamenepo, tidzakambirana za mafakitale akulu.