Ntchito ya mphunzitsi wa ku yunivesite simathera m'kalasi

Anthu akamva kuti ndimaphunzitsa ku yunivesite, ndipo kuti pa sabata ndimaima kutsogolo kwa kalasi maola owerengeka chabe, amafunsa kuti nthawi yotsalayo ndimatani. Ina imapita ku kafukufuku, ina kuchonga mayeso. Koma pali ntchito ina yosalembedwa pa taimutebulo, imene ife ofufuza za maphunziro apamwamba timaiona kuti ndi yolemera zedi: kukhala pansi ndi ophunzira kunja kwa kalasi.

Nkhaniyi inafufuzidwa ndithu. M'buku lake la mu 1987 lotchedwa Leaving College, katswiri wa ku America, Vincent Tinto, anaonetsa kuti ambiri mwa osiyira yunivesite panjira sachoka chifukwa chochepa nzeru ayi. Amachoka poti sanazike mizu pamalopo, palibe anawadziwa. Chaka chomwecho Arthur Chickering ndi Zelda Gamson anatulutsa mfundo 7 za kaphunzitsidwe kabwino, ndipo yoyamba yeniyeni inali yoti mphunzitsi ndi wophunzira azikumana pafupipafupi, m'kalasi ndi kunja komwe. Mu 2014 bungwe la Gallup ndi yunivesite ya Purdue anafunsa anthu pafupifupi 30,000 amene anamaliza maphunziro. Anapeza kuti amene ankakumbukira mphunzitsi wowasamala ngati anthu, ndi wina wowalimbikitsa pa zolinga zawo, ndiwo ankagwira ntchito zawo ndi mtima wonse. Zoti sukuluyo inali yaboma kapena ayi sizinasiyanitse kwenikweni.

N'chifukwa chake mayunivesite ena amaikapo ndalama. Ku Oxford wophunzira amakhala ndi mphunzitsi sabata iliyonse, yekha kapena ndi mnzake mmodzi kapena awiri, kukambirana zimene walemba. Ku America kuli masukulu amene amalipira nkhomaliro kuti ophunzira aitane mphunzitsi wawo adyere limodzi.

Wina anganene kuti zimenezo n'za olemera. Ine ndimakana, pakuti chitsanzo chimene ndimachilemekeza koposa n'cha kuno kwathu. Mu 1970, Chancellor College isanasamukire ku Zomba, ophunzira ndi aphunzitsi anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Ankakumana madzulo sabata iliyonse. Munthu ankawerenga ndakatulo kapena nthano yake, anzake n'kuisenda bwinobwino, ndipo mphunzitsi naye akabweretsa yake ankadzudzulidwa chimodzimodzi. Panalibe malikisi, panalibe satifiketi, komanso inali nthawi imene kulankhula momasuka kunkatha kum'tengera munthu kundende. M'gulu limenelo munadutsa Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Anthony Nazombe ndi Ken Lipenga. Pakoleji pomwepo panalinso gulu la zisudzo la Travelling Theatre, limene aphunzitsi monga David Kerr ndi Chris Kamlongera ankapita nalo m'midzi pamodzi ndi ophunzira awo. Zolembalemba za dziko lino zinakulira m'macheza otere.

Lero aphunzitsi ambiri timamata pepala pachitseko cha ofesi losonyeza maola amene wophunzira angatipeze. Ndi chinthu chabwino, koma taonani amene amabwera. Kawirikawiri ndi mwana amene anadzera sukulu zabwino, wozolowera kulankhula ndi akuluakulu, amene ngakhale akanapanda kubwera akanakhoza. Uja wochokera ku sekondale ya CDSS ya kumudzi, woyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite, amadutsa pachitsekopo mwakachetechete. Timamuuza kuti safunsa anadya phula, komatu tinamuleranso kuti wamkulu sapanikizidwa ndi mafunso. Amadzagogoda zinthu zitaipa kale, atalemba mayeso obwereza (sapu), kapena dzina lake litatsala pang'ono kufufutidwa.

Ndipo akalowa, nkhani yake nthawi zambiri si ya phunzirolo. Mumayamba ndi ndime imodzi ya asayimenti, pakangopita mphindi zochepa mumamva kuti amakhala kutali ndi sukulu m'nyumba yopanda magetsi, kuti ngongole ya maphunziro sanaipeze, kuti kalasi ya m'mawa amalowa asanalawe kanthu. Sindingamulipirire fizi. Koma ndikhoza kumuuza ofesi yoti apiteko, kumulembera kalata, kumuonetsa mmene angawerengere buku lalikulu popanda kuloweza tsamba lililonse. Zoterezi sizituluka m'holo ya anthu mazanamazana, mmene mphunzitsi amalankhulira pa maikolofoni.

Tsono woyamba kusuntha ayenera kukhala mphunzitsi. Ine ndimagawa a chaka choyamba m'timagulu ting'onoting'ono n'kuwaitana ndekha, kumayambiriro kwa semesita, aliyense asanalakwe mayeso. Kuitanidwa nonse kumachotsa manyazi, chifukwa palibe amaoneka ngati ndiye mbuli.

Pali nkhani ina yowawa imene sitingaizembe. Makolo, makamaka a ana aakazi, akamva zoti mphunzitsi akucheza ndi wophunzira kunja kwa kalasi mtima umawadumpha, ndipo ali ndi chifukwa. Alipo aphunzitsi amene anagwiritsa ntchito malikisi pofuna zachisembwere. Choipa chawocho chinawononganso njira ya ena, moti aphunzitsi abwino ambiri anasankha kungotalikira ophunzira kuti asaganiziridwe. Kutalikirako sikuteteza mwana, kumangomusiya yekha. Chomuteteza ndi dongosolo lodziwika kwa onse: kukumana masana, chitseko chili chotsegula kapena pabwalo poonekera, m'magulu ngati n'kotheka, dipatimenti ikudziwa, ndiponso pakhale malo okadandaula amene wophunzira angawakhulupirire.

Chotsala chili m'manja mwa oyendetsa mayunivesite. Chiwerengero cha ophunzira chakwera kwambiri kuposa cha aphunzitsi, ndipo pokweza munthu pa udindo chimene chimalemera ndi mapepala a kafukufuku amene wasindikiza. Mphunzitsi wachinyamata amaona msanga kuti madzulo amene wathera ndi kalabu ya ophunzira sadzawerengedwa paliponse, ndiye amadzitsekera n'kumalemba. Sindimuda. Pempho langa kwa makomiti okweza maudindo, ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda, ku Thyolo ndi ku Blantyre, n'loti pafomu yawo pakhale mzere wofunsa kuti munthuyu walangiza ophunzira angati, ndipo mzerewo ukhale ndi malikisi ake.